Dripi ya pakhomo inatsala pang'ono kundilanda mng'ono wanga

Ife Amalawi dripi timaikhulupirira kuposa mankhwala ena onse. Munthu akagonekedwa m'chipatala, achibale akamaimba foni safunsa kuti adokotala apeza chiyani. Amafunsa kuti, "Amuika madzi?" Akamva kuti eya, botolo lachiwiri lili m'kati, mitima imakhala pansi. Koma akangomupatsa mapiritsi n'kumubweza kunyumba, timadandaula njira yonse kuti sanamuthandize. Sindikunyoza, chifukwa chikhulupiriro chimenechi chili ndi pochokera. Amene anadwazikapo pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 kwathu, anaona ndi maso awo munthu wobwera atanyamulidwa, maso atalowa m'kati, akudzuka n'kupempha phala madzi aja atangoyenda m'thupi. Dripi imapulumutsa ikaikidwa pa munthu woifunikiradi, ndi manja odziwa ntchito, pamalo pamene pali zida zothamangira nazo zinthu zikavuta.

Kuno ku Joni kwabwera dripi ina, ya anthu oyenda ndi miyendo yawo. M'mamolo akuluakulu muli timalo ta mipando yofewa, pamene munthu amakhala akuseweretsa foni, thumba lachikasu likudonthera m'mkono. Amati iyi ndi ya mphamvu, iyi yochotsa matsire, iyi yowalitsa khungu, iyi yolimbitsa chitetezo cha m'thupi. Ife a matumba osaya kumeneko sitifikako. Amene amafika kwa ife ndi amayi a chikwama, otsatsa malonda awo pa WhatsApp ndi pa Facebook, oyenda m'mafulati kuika anthu dripi pabedi pawo pomwe. Ndipo pali njira ina yotchipa kuposa pamenepo, imene mng'ono wanga anatsata: kugula katundu yense n'kumadziika wekha.

Ine ndimasamalira agogo ena odwala, ndimagona konko mkati mwa sabata n'kubwera kuchipinda chathu Loweruka. Mng'ono wanga amaluka tsitsi mu saluni, ntchito yoimirira kuyambira m'mawa mpaka mdima. Kutopa kwake kunayamba pang'onopang'ono. Akamakwera masitepe a pafulati pathu ankaima pakati kuti apume, mtima ukugunda kwambiri. Akaweramuka chizungulire chinkamugwira. Anayamba kukukuta madzi oundana a m'firiji, n'kumagulanso timapaketi ta dothi kwa amayi a m'mbali mwa msewu, chonsecho alibe pakati. Akapita kumwezi ankataya magazi ambiri, koma nkhani imeneyo anaibisa ngakhale kwa ine, poti kwathu sitikula tikuikamba. Kukiliniki sanapite. Kupita kukiliniki kuno ndiye kuti tsiku lathera pamzere, makasitomala atengedwa ndi anzako. Mapepala ake anali atathanso, ndipo nkhani za magulu oima pazipata za makiliniki n'kumafunsa anthu ma ID zinali m'kamwa mwa aliyense.

Kasitomala wina ndi amene anamupatsa nambala ya mayi wina amene onse ankangomutchula kuti "sister". Dzina lake lenileni, kumene anaphunzira, ngati anaphunziradi, palibe anafunsa. Ankabwera ndi chikwama chozizira chija chonyamulira zakumwa, atavala malaya abuluu a kuchipatala, ndipo zimenezo zinali zokwanira.

Dripi yoyamba inamukomera, ndipo sindinganene kuti ankanama. Anandiimbira akuseka, ati, "Achemwali, thupi lapepuka, ndagona tulo tofa nato." Pambuyo pake ndinadzamvetsa chimene chinachitika. Munthu amene amadzimana madzi tsiku lonse kuti asamadukize mutu wa kasitomala ndi maulendo a kuchimbudzi, ukamuthira lita ya madzi m'thupi ayenera kumva bwino. Akanamva chimodzimodzi akanamwa madziwo pakapu. Komanso anagona chagada ola lathunthu osagwira kanthu, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi. M'thumba muja munali magnesium, amene akamalowa mumtsempha amafunditsa thupi n'kulifooketsa pang'ono, ndiye munthu amati mankhwala ayamba kugwira. Mkodzo utatuluka wachikasu chowala, "sister" anati ndi zoipa za m'thupi zikutuluka. Si zoipa ayi. Ndi vitamini B2, amene mtundu wake ndi womwewo, ndipo impso zimangomutaya thupi likakhala kuti silikumufuna. Ndalama zake zinkathera m'chimbudzi iye akuona, n'kumathokoza.

Msakanizo umene ambiri amagulitsawu unayambira kwa dokotala wina wa ku Baltimore ku America, John Myers, amene anamwalira mu 1984. Mumakhala magnesium, calcium, mavitamini a gulu la B ndi vitamini C. Zaka zonsezi palibe kafukufuku wolimba amene waonetsa kuti munthu amene amadya ndipo matumbo ake akugwira ntchito amapindula nawo. Chimene chakula ndi malonda.

Kupepuka kuja sikunkachedwa kutha, ndiye pankafunika ina. Mtengo utayamba kumupweteka, "sister" anabwera ndi nzeru: agule matumba angapo nthawi imodzi pamodzi ndi timabotolo ta mavitamini, iye amubaya kamodzi n'kusiya kanyula, kapaipi kakang'ono kolowa mumtsempha kaja, m'mkono, ndipo mng'ono wanga azingolumikiza yekha paipi madzulo akaweruka. Anamuikira banyira ya timabotolo ta glutathione, ati khungu lidzakhale litawala pofika Khirisimasi popita kumudzi.

Loweruka lina ndinalowa m'chipinda n'kupeza thumba likulendewera pa hang'ala ya zovala, hang'alayo itakoledwa pa waya wa katani. Iye ali pabedi, dzanja limodzi pa pilo, lina likuyankha makasitomala pa foni. M'firiji, pakati pa majarini ndi mbale ya ndiwo zadzulo, munali timabotolo tija. Tina tinali ndi zilembo za chinenero chimene tonse awiri sitikanatha kuwerenga. Kena kanali kothyoledwa kale khosi, kotsala theka, kovindikiridwa ndi kapepala ka pulasitiki kudikira mawa. Koma chimene chinandiimitsa mutu chinali mkono. Kanyula ka pinki kanali pamwamba pang'ono pa dzanja, pamene ankakabisa ndi malaya a manja aatali akakhala ku saluni. Pulasitala inali itada m'mbalimu, itayamba kumatuka ndi madzi otsukira mbale ndi mafuta a tsitsi. Pamene kapaipi kamalowa pakhungu panali potupa pang'ono, ponyezimira.

Agogo amene ndimawasamalira anagonekedwapo m'chipatala, ndipo ndinaona mmene anamwino amachitira ndi kanyula. Amalemba deti pa pulasitala. Amasamba m'manja n'kuvala magolovesi asanakakhudze. Amakapukuta ndi mankhwala nthawi iliyonse asanalumikize kanthu, amakayang'ana pa shifiti iliyonse, ndipo m'zipatala zambiri sikadutsa masiku atatu kapena anayi pamalo amodzi. Ka mng'ono wanga kanali katadutsa sabata.

"Iwe, kameneka kachoke lero lomwe. Tiye kukiliniki akakachotse bwino."

"Achemwali, inu simukudziwa. Kwatsala matumba awiri okha. Ndikachotsa ndiye kuti ndilipirenso kuti adzandibaye."

"Pakupweteka?"

"Pang'ono. Sister akuti ndi mmene zimakhalira."

Ndinapagwira. Panali potentha, ndipo mtsempha unali utalimba chokwera m'mwamba. Pa khungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga, ndiye kumafunika kugwira ndi zala n'kuyerekeza ndi mkono winawo. Tinakangana mpaka usiku. Ndi munthu wamkulu, wa ana ake awiri kumudzi, sindikanamumanga. Anandilonjeza kuti akamaliza matumba awiriwo basi, asiya.

Khungu ndi mpanda wa thupi. Kunja kwake kumakhala tizilombo tambirimbiri timene sitivuta munthu tikangokhala kunja komweko. Chimene timadya chimadutsa pa alonda: asidi wa m'mimba, matumbo amene amasankha cholowa ndi chotsala, ndi chiwindi chimene chimasefa magazi ochokera kumatumbo asanapite kwina. Kanyula ndi chipata choboola mumpandamo, chosiyidwa chotsegula usana ndi usiku, ndipo njira yake imalunjika kumtima. Cholowa pamenepo, chabwino kaya choipa, m'mphindi imodzi chazungulira thupi lonse. Piritsi lolakwika ungalisanze, koma cholowa mumtsempha chalowa basi.

Mkati mwa sabata, usiku, amayi oyandikana nawo chipinda anandiimbira kuti mng'ono wanga akunjenjemera moti bedi likugwedera. Iwo anali atagamula kale kuti ndi malungo, ndipo anali atamumwetsa LA amene wina anabwera naye pa basi kuchokera kumudzi. Apa ndiimepo pang'ono. Johannesburg si dera la malungo. Amene wangobwera kumene kuchokera ku Malawi, ku Mozambique kapena kuchigwa cha Limpopo angathe kudwala malungo, ndipo ayenera kukayezetsa msanga. Koma munthu amene watha chaka osatuluka mumzindawu akayamba kuzizidwa ndi kutentha thupi, m'mkono muli kanyula, muziyamba mwakayikira kanyulako. Ife tinazolowera kuti kunjenjemera kulikonse ndi malungo, ndipo chizolowezi chimenechi chimataya maola amene sabwerera.

Nditafika ndinapeza mkono utatupa mpaka pachigongono, pa pulasitala pakutuluka mafinya. Ankapuma mofulumira, milomo itauma, ndipo ankalankhula zosagwirizana, mpaka kunditchula dzina la malemu azakhali athu. Amayi aja anati tsiku lonse sanamuone akupita kokataya madzi. Ndinaimbira "sister". Anati ndi detox, thupi likulimbana ndi zoipa, timupatse Panado ndi madzi a mandimu. Nditanena kuti ndikuitana ambulansi, foni inaduka, ndipo nambala imeneyo sinalowenso.

Anzathu a pafulati anayesa kundiletsa. Ati mapepala, ati bilu, ati mukadziika nokha m'manja mwa apolisi. Ndikufuna aliyense amene ali kuno adziwe ichi: gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena poyera kuti munthu asakanizidwe thandizo la chipatala pa matenda adzidzidzi. Limati munthu, silikuti nzika. Pa foni ya m'manja nambala ya zadzidzidzi ndi 112, ndipo ya ambulansi ndi 10177. Podikira, ndinatenga jumbo n'kuikamo thumba lotsala, paipi, timabotolo tonse ta m'firiji, ngakhale kothyoka khosi kaja, ndi paketi ya LA.

Kuchipatala mapepala anafunsa ndithu pawindo, koma nthawi imeneyo iye anali kale pabedi. Anachotsa kanyula kathu, ndipo chotsatira chake chinali kumuika kena mkono winawo n'kupachika thumba la madzi amchere, ofanana ndendende ndi amene anali m'jumbo mwanga. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano panali makina oyeza BP pafupipafupi, kachipangizo ka pachala koonetsa mpweya wa m'magazi, namwino woyeza mkodzo umene ukutuluka, ndi dokotala woganiza kuti madzi akhale ochuluka bwanji ndipo ayende liwiro lotani. Malungo anayeza, sanapezeke. Anati ndi sepsis, kutanthauza kuti tizilombo talowa m'magazi ndipo thupi polimbana nato layamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Zotsatira za ku labu zitabwera anapeza Staphylococcus aureus, kachilombo kamene kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri osawadwalitsa. Adokotala anati kameneka kakalowa m'magazi mankhwala ake a mumtsempha sachepera masabata awiri, ndipo anamujambula mtima, chifukwa kamakonda kukakhazikika pa timavalavu ta mumtima ndi m'mafupa. Mtima wake unapezeka uli bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2017 sepsis inapha anthu pafupifupi 11 miliyoni, munthu mmodzi mwa asanu alionse amene anamwalira chaka chimenecho padziko lonse. Mawu amenewa ine ndinali ndisanawamvepo mpaka usiku umenewo.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi china. Pa magazi omwewo anapeza kuti Hb yake, muyezo woonetsa ngati munthu ali ndi magazi okwanira, inali yosafika pa 7, pamene mayi wathanzi amayenera kukhala ndi 12 kupita m'mwamba. Anali wochepa magazi kwambiri, moti anamuwonjezera magazi. Atamuunika m'mimba anapeza zotupa za m'chiberekero zija amati ma fibroids, zimene zinkamutayitsa magazi mwezi ndi mwezi. Befu wa pamasitepe, chizungulire, kukukuta madzi oundana, kulakalaka dothi, zonsezi ndi zizindikiro zodziwika za kuchepa kwa ayironi m'thupi. Namwino aliyense wa pakiliniki akanamutsegula chikope, n'kumubaya pachala, akanadziwa m'mphindi zochepa. M'matumba onse amene anagula aja munalibe ayironi ngakhale pang'ono. Miyezi yonse ija ankathira madzi achikasu m'thupi limene linkasowa magazi.

N'chifukwa chake ndimati ngozi yaikulu ya dripi zimenezi siyambira pa singano. Kutopa kosatha kumakhala ndi chochititsa. Kungakhale kuchepa magazi, shuga, TB, HIV, chithokomiro, impso, pakati, kapena maganizo olemera a moyo wa kuno. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi kuyeza kwake ndi mankhwala ake, ndipo zambiri n'zotchipa kuposa thumba limodzi la mavitamini. Wogulitsa dripi sakuyeza kanthu. Amakupatsa kupepuka kwa masiku awiri, nthenda yeniyeni ikukula.

Dokotala wina wachitsikana anatenga jumbo langa n'kuyala zonse patebulo, n'kumandifotokozera chimodzichimodzi. Anayamba ndi thumba la madzi, limene ife timaliona ngati lopanda vuto. Lita imodzi ya madzi amchere a m'dripi imakhala ndi magalamu 9 a mchere, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 pa tsiku. Wa impso zabwino amautaya. Koma amene ali ndi BP, nthenda ya mtima kapena ya impso, ndipo ambirife timayenda nazo osadziwa, madziwo angathe kukadzaza m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika ali pabedi pake. Wochepa magazi kwambiri naye ali pangozi yomweyo, chifukwa mtima wake umakhala ukugwira kale ntchito yopitirira muyezo.

Za vitamini C anaseka pang'ono. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu 75 pa tsiku, bambo 90, ndipo gwafa limodzi labwino limakwaniritsa zimenezo. M'dripi amathiramo mamiligalamu masauzande nthawi imodzi. Wotsala thupi limamusandutsa oxalate, amene amapanga miyala ya mu impso, ndipo akachuluka angathe kuziwonongeratu. Pali vuto linanso limene limatikhudza ife makamaka. Anthu ambiri ochokera kumadera a malungo amabadwa ndi kuperewera kwa chinthu china cha m'magazi chotchedwa G6PD, makamaka amuna, ndipo ambiri sadziwa chifukwa sichiwavuta tsiku ndi tsiku. Munthu wotere akalandira vitamini C wochuluka mumtsempha, maselo ofiira a magazi angathe kusweka, mkodzo n'kuda, maso n'kuchita chikasu. Zipatala zimene zimapereka vitamini C wochuluka zimayamba zayeza zimenezi. Mayi wa chikwama sangayeze.

Zina ndizinena mwachidule. Vitamini B1 wa mumtsempha amatha kuutsa ziwengo zoopsa zimene zimatseka kukhosi m'mphindi zochepa, ndipo chopulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline nthawi yomweyo, amene munthu wodziika yekha alibe, ndipo ngakhale atakhala naye sangadzibaye atakomoka. Magnesium akathamanga amagwetsa BP. Potassium akathamanga amaimitsa mtima. Mu 2023 mayi wina ku Texas anamwalira atalandira dripi yokhala ndi potassium pamalo ena okongoletsera anthu. Mpweya wochuluka ukalowa kudzera m'paipi umatha kutseka njira ya magazi. Singano ikaphonya mtsempha madzi amadzaza m'mnofu, ndipo calcium akatayikira mmenemo amawotcha. Mu 2019 ku Hunan, ku China, mayi wina anafinya zipatso n'kudziika madzi ake mumtsempha poganiza kuti zopatsa thanzi zifika msanga, ndipo anakathera mu ICU chiwindi ndi impso zitawonongeka. Tingamuseke, koma maganizo ake ndi omwewo amene amagulitsa dripi za mavitamini: akuti kudya n'kochedwa, chabwino n'kulowetsa m'magazi. Ngakhale a ndalama zawo sizimawasiya. Mu 2018 nyuzipepala zinalemba kuti Kendall Jenner, mtsikana wotchuka wa za mafashoni wa ku America, anathamangira naye kuchipatala thupi litakana dripi ya mavitamini.

Pa timabotolo ta glutathione dokotala uja anangopukusa mutu. Ku Philippines, kumene jakisoni woyeretsa khungu anafala kalekale, bungwe loona za mankhwala linachenjeza anthu mu 2011 za ngozi zake, kuphatikizapo kuwonongeka kwa impso ndi nthenda yoopsa yotchedwa Stevens-Johnson, imene imasupula khungu ndi m'kamwa. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA silinavomereze jakisoni aliyense woyeretsa khungu. Tathu tija tinalibe nambala yolembetsera, ndipo palibe akanatiuza chimene chinali m'kati mwake kapena mmene tinasungidwira panjira. Za kufuna kuyera khungu sindilowamo lero, ndi nkhani ya tsiku lina, koma mng'ono wanga ndi wokongola chibadwire ndipo sanapemphe n'komwe, anangomuikira.

Wina afunsa kuti nanga munthu akatha madzi m'thupi, watsegula m'mimba, wasanza, kapena wachezera mowa, achite chiyani. Yankho tili nalo kale m'nyumba, ndipo kumudzi timalidziwa ndi dzina loti Thanzi. Paketi imodzi ya ORS m'lita imodzi ya madzi aukhondo, kumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Timaipeputsa chifukwa ndi yotchipa. Mu 1971, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, matumba a dripi atatha kolera ili m'kati, dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, anayamba kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. WHO imati ngakhale pa kolera, odwala okwana mpaka 80 mwa 100 angathe kuchira ndi ORS. Ngati imakwana pa kolera, pa matsire ndi pa kutopa kwa ku saluni siingalephere. Munthu akafika poti sakutha kumwa, akusanza chilichonse, akuwodzera kapena wasiya kukodza, ameneyo ndi wofunikadi dripi, ndipo malo ake ndi kuchipatala.

Pali odwala ena amene amalandiradi mankhwala a mumtsempha kunyumba, monga amene matumbo awo sagwira ntchito kapena amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali. Amenewo nthenda yawo inadziwika, dokotala analemba mlingo, chipatala chinawaphunzitsa, magazi awo amayezedwa, ndipo ali ndi nambala yoimba usiku imene imayankhidwa. Ngati wina akufuna kukuikani dripi pakhomo, mufunseni dzina lake lonse ndi nambala yake ya unamwino. Kuno anamwino amalembetsa ku South African Nursing Council, ndipo kaundula wake mungathe kumuona pa intaneti. Kwathu ndi ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mufunseni kuti dokotala amene walemba mankhwalawo ndani, akuchiza chiyani, ndipo thupi likakana ali ndi chiyani m'chikwamamo. Namwino weniweni mafunso amenewa samukwiyitsa. Koma ngakhale atayankha onse bwino, asakusiyireni kanyula m'mkono kuti muzilumikiza nokha.

Mng'ono wanga anabwerera ku saluni. Akumwa mapiritsi a ayironi, amene amadetsa chimbudzi ndipo nthawi zina amamanga m'mimba, koma masitepe akukwera osaima. Akudikira deti la opareshoni ya zotupa zija. Mtsempha wa mkono uja unalimba mpaka pano, moti anamwino akafuna magazi amapita mkono winawo. Ndalama zimene anataya pa miyezi imene sanagwire ntchito zinaposa kutali zimene ankapulumutsa podziika yekha, ndipo fizi ya ana teremu imeneyo inachoka m'thumba mwanga. Amayi kumudzi tinawauza atatuluka kale m'chipatala. Funso lawo loyamba linali loti, "Koma anamuika madzi?" Posachedwapa mtsikana wina wa ku saluni anandionetsa pa foni yake chithunzi cha matumba achikasu, ndi mtengo wotsitsa wa mapeto a mwezi. Nambala inali yatsopano, chikwama chinali chomwe chija.

Ngati mukuwerenga izi kanyula kali m'mkono, kapena kali m'mkono mwa amene mumagona naye chipinda chimodzi, musalumikizenso kanthu, pitani kukiliniki lero akakachotse n'kuona balalo. Pakakhala potentha, potupa, popweteka kapena pa mafinya, kapena mtsempha walimba, musadikire Loweruka. Kukabwera kunjenjemera, kutentha thupi, kupuma mofulumira, kusokonezeka mutu kapena kusakodza, itanani ambulansi nthawi yomweyo, ngakhale kanyula katachotsedwa kale masiku apitawo. Tengani matumba, timabotolo ndi mapiritsi onse amene munthuyo wamwa, ndipo mukafika nenani tsiku limene anabayidwa ndi chilichonse chimene chalowa pamenepo. Mukauzenso adokotala za kutopa kumene kunakupangitsani kufuna dripi poyamba, ndipo muwapemphe akuyezeni magazi.